Ulendo wa achinyamata a mpingo wathu kunyanja, momwe zikuyendera kuno ku Mangochi

Loweruka usiku

Abale tafika bwino, nonse amene mumaimba osatipeza musadandaule, netiweki kuno imagwira pachulu chimodzi kuseri kwa sukulu ndiye tikuchita kulandizana kukwerapo. Tinanyamuka ku Blantyre kusanache, kudzera ku Zomba ndi Liwonde, pa boma la Mangochi tafika dzuwa lili pamutu ndipo tagulirapo shuga, mchere ndi sopo chifukwa anatiuziratu kuti kutsogoloku zinthu ndi zodula. Titawoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire tatenga njira ya ku Malindi ija yopita ku Makanjira, amene munayendako mukudziwa kuti tara akangotha ndi fumbi ndi mabampu basi, ndiye minibasi itadzaza matumba a mgaiwa, soya, mabelo a kaunjika ndi anthu pamwamba pake, mutha kuganiza nokha.

Ahedi atipatsa makalasi awiri ogona poti ana ali pa holide, atsikana kwawo limodzi ndi amayi a chigwirizano amene tabwera nawo, anyamata kwawo. Tisanamasule katundu tinayamba kaye kwa amfumu, ndipo kumeneko tapezanso ashehe ndi akuluakulu a komiti ya pagombe. Atilandira bwino kwambiri koma ashehe sanazungulire, akuti ana ambiri kuno ndi achisilamu, masana amapita ku madrasa, Lachisanu ndi tsiku la Juma, ndipo sakufuna kudzamva kuti mwana walandira phala chifukwa choti waimba kolasi. Abusa ayankha kuti phala ndi la mwana aliyense, mapemphero athu tizichita tokha m'mamawa ndipo Lamulungu tikasonkhana ku katchalitchi kakang'ono kali kumtundako, wofuna kubwera abwere yekha. Pobwerera ena mu gulu amang'ung'udza kuti ndiye tabwera ku mishoni kapena tasanduka bungwe. Ine maganizo anga ndi oti munthu sungafike pamudzi pa eni ake lero ndi kuyamba kuwaphunzitsa ana awo zimene makolo sanavomere, mawa lake ana sabwera ndipo ulendo wathera pomwepo.

Lolemba

Tayamba. Pulogalamu imene tinalemba ku tchalitchi inali yoti m'mawa nyimbo ndi masewera, kenako phala, kenako kugawa zovala, kuwerenga tinangokuika ngati kodzazira nthawi. Ana abwera ambiri ndithu, bwalo la sukulu linadzaza, koma chodabwitsa anyamata a msinkhu wa sitandade 2 mpaka 5 anali ochepa kwambiri. Titafunsa amayi ena angoseka, akuti mwabwera mu Ogasiti ndiye mumayembekeza chiyani, ana ali ku ndagala. Holide yayitaliyi ndi nthawi ya jando, ndipo atsikana enanso ali ku nsondo. Akuti atuluka sabata yamawa.

Mlongo wathu wina wophunzira zauphunzitsi anati tiyeni tingoyesa kuona kuti ana amene alipowa akuwerenga bwanji, ndiye analemba pa bolodi a e i o u, kenako ba be bi bo bu, kenako timawu tapafupi monga bwato, nsomba, madzi. Zimene taona zatizizira m'nkhongono. Alipo ana a sitandade 4 amene akuloweza ba be bi bo bu ngati nyimbo koma ukaloza bi yekha pakati sakumudziwa, akuyambiranso pa ba. Sikuti ana ndi ogona ayi, kunyumba amayankhula Chiyao, kusukulu amakumana ndi Chichewa kenako Chingerezi, kalasi imodzi ana osawerengeka mphunzitsi mmodzi, buku limodzi anthu angapo, ndiye mwana amangokwera makalasi ali chete kumbuyo. Ife mu gulu lonse odziwa Chiyao ndi mmodzi yekha ndiponso chake ndi cha moni basi.

Mwayi wake pabwera anyamata ndi atsikana a konkuno amene alemba MSCE chaka chino akudikira zotsatira, amangoonerera patali manja m'thumba. Tawaitana kuti azitimasulira ndipo nthawi yomweyo kalasi yasintha, ana amene anali duu anayamba kukweza manja. Usiku uno komiti yakhala pansi ndipo tagwirizana kuti kuwerenga kukhale pakati pa pulogalamu, nyimbo ndi masewera zizibwera pozungulira.

Lachitatu

Nkhani ya kaunjika yatidyera tsiku. Tresha wathu ndi ena amafuna tingofoletsa ana pamzere aliyense alandire kake tijambule zithunzi tikuonetseni amene munapereka. Amayi a mother group, gulu la amayi loyang'anira ana pa sukulu, akana, akuti zimenezo anazionapo, alendo amabwera ndi belo, ana amapondana, amphamvu amatenga ziwiri ziwiri, wamasiye weniweni amabwerera chimanjamanja akulira ndipo alendo akapita udani umatsala ndi iwo amayiwo. Ndiye titamasula mabelo aja, pepani abale ndinene chilungamo, zina zimene munatipatsa sizogwira ntchito kuno, muli nsapato za gogoda, majekete a chisanu cha ku Dedza, masuti a akuluakulu, pomwe ana akusowa kabudula ndi diresi yopita nayo kusukulu. Amayi aja asankha zoyenera ana, ali ndi mndandanda wawo wa makomo amene akuvutikitsitsa, azikapereka okha madzulo mwakachetechete. Zotsalazo akuti akagulitse pa tsiku la msika ndalama yake igule chimanga cha phala. Tresha sanasangalale poyamba koma wavomera bola alembe zonse mu kope.

Phala likuyenda bwino, tikusakaniza mgaiwa ndi soya, masiku ena nsinjiro. Amayi apanga okha kasinthasintha wophika ndipo nkhuni akubweretsa ndi ana, aliyense kamtengo kamodzi pobwera.

Lachinayi

Lero ndikufuna ndikhalitse pa nkhani ya anyamata okulirapo chifukwa ndi imene yandivuta mutu. Dzulo ndi dzana anyamata a zaka 12, 13, 14 amabwera ambiri, lero pafupifupi onse kulibe. Mmodzi wa omasulira athu uja anandiuza kuti achimwene musamayang'ane kalendala, muziyang'ana nyanja. Masiku apitawa kumawomba mwera, mphepo ija yochokera kummwera imene imavuta miyezi yozizirayi, nyanja ikakwiya palibe bwato limalowa ndiye anyamata amakhala opanda chochita. Usiku wathawu mphepo inagwa, mwezinso kulibe, ndiye aliyense analowa m'madzi. Usipa amaupha usiku ndi chilimira, pamakhala munthu mmodzi amamutchula siginala amene amakhala m'bwato laling'ono ndi nyali, usipa umatsatira kuwalako kenako enawo amazungulira ndi ukonde. Mwezi ukakhala wowala nyali sizikoka nsomba ndiye amapuma. Choncho sukulu ya mwana wa kuno imayenda ndi mphepo ndi mwezi, aphunzitsi akuti ngakhale pakati pa teremu ndi chimodzimodzi.

Ndinatsikira kugombe cha m'ma 6 koloko kukaona ndekha. Mabwato akukocheza, amayi ogula ali ndi mabeseni akukanganirana, ana ang'onoang'ono akutola usipa wogwa pamchenga, okulirapo akunyamula kupita nawo pa thandala kukayanika, ena akukapa madzi m'boti, aliyense amalandira kangachepe kapena kansomba kopita nako kunyumba. Pali kamnyamata kena kamene Lachiwiri kanalephera kulemba dzina lake, ndinakapeza kakuyezera mayi wina usipa ndi chigoba, mamba ali mbuu m'mikono monse maso ali psuu chifukwa cha tulo, mayiyo akuti ndipatse zigoba zakutizakuti ndichotsereko mtengo, iko kanawerengera pamtima nthawi yomweyo mpaka chenji, ine ndikutulutsa foni kuti nditsimikize kanali katamaliza kale ndipo kanalondola. Mwana ameneyu kusukulu amamutenga ngati mbuli.

Ndiye ukamuuza kuti sukulu ndi yofunika amakuyang'ana. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994 koma iye akuona kuti nyumba za malata zokongola pamudzi pano ndi za eni zilimira ndi za amene anapita ku Joni, osati za amene anafika Fomu 4, omwewa akutimasulirawa ali pakhomo. Sindikunena kuti akulondola koma funso lake ndi lomveka ndipo ife a m'tauni tisamafulumire kunena kuti makolo a kunyanja sasamala za ana. Ndalama ya usiku umodzi ya mwanayo nthawi zina ndi imene imagula ufa. Chimene tachita ndi choti taika kalasi ina yachidule madzulo madrasa akaweruka, ya anyamata a kugombe okha, ndipo masamu ake ndi a zigoba, malita a petulo ndi kagawidwe ka ndalama za m'boti, kuwerenga kwake tikuyamba ndi maina a nsomba, usipa, utaka, chambo, kampango, mcheni, ndi maina olembedwa pa maboti. Abwera ochepa koma akhala mpaka mapeto.

Lachisanu

Lero kunalibe makalasi monga tinagwirizana ndi ashehe, ndiye tapita ku mjigo. Mjigo wapafupi ndi sukulu unaleka kutulutsa madzi kalekale, amayi amatunga kunyanja kapena kuyenda mtunda kupita ku mjigo wina umene pamakhala mzere kuyambira mbandakucha. Anyamata athu ena amafuna kungoumasula okha ndi masipanala amene tabwera nawo, koma a komiti ya mjigo anati pali makaniko wa m'dera lino amene anaphunzitsidwa, ndi amene amaudziwa. Tamuitana wabwera pa njinga. Ndi mjigo wa Afridev womwe uja uli paliponse m'midzimu. Wachotsa chivundikiro ndi chogwirira, kenako tayamba kusolola marodi limodzi limodzi tikuyala pa nthambi kuti asagunde dothi, kumapeto kwake kwatuluka pulanja, kalabala kake kaja amati U-seal kanali kataperepeseka ngati sapato yakale ya mphira, ndipo ma bush bearing a pa chogwirira anali atatha, ndi chifukwa chake chimagwedera uku ndi uku. Tizipangizo timeneti si todula kwenikweni, vuto ndi loti thumba la komiti linauma, anthu anasiya kusonkha pamwezi atakayikira kuti ndalama zikupita kuti. Tatuma munthu pa kabaza wa njinga yamoto kukagula, pofika madzulo madzi atuluka, poyamba ofiira kenako oyera, ana kukuwa.

Koma amfumu anena mawu amene ndawalemba mu kope, akuti mukapita labala ameneyu adzathanso, ndiye msonkhano wa mudzi ukhale Lamulungu masana asankhe msungichuma watsopano ndipo ndalama zizilengezedwa poyera. Izo ndi zawo, ife sitilowererapo.

Madzi kuno si nkhani yamasewera. Kolera ija inayamba mu 2022 mpaka kulowa 2023 inavuta kwambiri boma la Mangochi ndipo aliyense amene tacheza naye ali ndi wina amene akumukumbukira. Kenako mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete, zimbudzi zambiri zinagwa, ndipo kukumba china pamchenga ndi ntchito chifukwa dzenje limangogumuka. Alangizi a zaumoyo abwera kudzayankhula nafe za likodzo, akuti tizirombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya, timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa, ndipo anyamata ena akaona magazi pokodza amayesa ndiye kukula kumeneko. Mankhwala ake praziquantel amagawidwa m'sukulu, mwana amayenera kumwa atadya, koma amene sapita kusukulu aja ndi amene amaphonya pomwe ndi amene amakhalitsa m'madzi. Atipempha kuti kaundula wathu wa anyamata a kugombe tiwapatse kuti nthawi yogawa ikadzafika adzawapeze, makolo tawafunsa avomera. Ndipo kwa makolo a achinyamata athu, inde ena asambira ngakhale tinawaletsa, alangizi akuti pakapita miyezi ingapo akayezetse kuchipatala, musadzaiwale.

Loweruka

Mpira basi. Anyamata athu agonja kwa ana a pano osavala nsapato, zigoli sindinena. Atsikana ku netibo ndiye bolako.

Lamulungu madzulo

Ambiri mwakhala mukufunsa zithunzi. Tinagwirizana kuti sitijambula nkhope ya mwana popanda kholo lake kuvomera, ndipo sitijambula mwana chifukwa choti malaya ake ndi ong'ambika. Wina mu gulu anaika chithunzi chotero pa Facebook ndi mawu achisoni pansi pake, tcheya wamuuza achotse ndipo wachotsa. Anthu a kuno nawonso ali ndi mafoni, achibale awo ku Johannesburg amaona zonse. Mulandira zithunzi za mjigo, za bolodi ndi za miphika.

Palinso nkhani ina imene sindingafotokoze zambiri. Mtsikana wina wamng'ono anauza mmodzi wa alongo athu zinthu zokhudza kumukakamiza banja. Malamulo a dziko lino kuyambira 2017 amati osakwana zaka 18 ndi mwana, sangakwatiwe. Achinyamata ena magazi anawira amafuna kupita komweko kukayankhula, amayi a chigwirizano awakhazika pansi, akuti inu Lachisanu mukukwera minibasi mwanayu atsala ndi ndani. Nkhaniyi yaperekedwa kwa amayi a mother group ndi ahedi, iwo adziwitsa wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lino, ndipo mtsikanayo wauzidwa za nambala yaulere ya 116. Chonde musandifunse zambiri pafoni, mungomukumbukira m'mapemphero.

Lachiwiri, sabata yachiwiri

Ana atuluka ku ndagala! Usiku wonse ng'oma, manganje mpaka kucha, ife tulo sitinatione koma zinali zokoma kuonerera, anyamata atavala zatsopano atanyamulidwa pamapewa, amayi akuponya ndalama. Atitumizira mpunga ndi nyama ya mbuzi kuchokera makomo angapo mpaka tinasowa poika.

Zotsatira zake lero ana achuluka kuposa kale ndipo phala linatha ena asanalandire, zinandiwawa kuona timakapu tili m'mwamba mphika uli gwaa. Bajeti yathu tinapanga potengera mitengo ya miyezi yapitayo, ndipo inu mukudziwa kuti chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa chinthu sugona malo amodzi. Ndalama ya kaunjika uja amayi anagulitsa ndi imene yatipulumutsa, yagula chimanga ndipo chili kuchigayo. Tresha tsopano ndi amene akuyamikira kwambiri nzeru imeneyi. Amene munalonjeza kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba tumizani kwa tresha, osati kwa ine.

Ku makalasi zinthu zikusuntha pang'onopang'ono. Tawagawa ana osati potengera sitandade koma pomwe afika, gulu la malembo, gulu la maphatikizo, gulu la mawu ndi ziganizo. Mabuku tilibe okwanira ndiye tadula makatoni onse amene tinanyamulira katundu, tikulemba phatikizo limodzi pa kachidutswa kalikonse ndi makala kapena maka, mwana amatenga u, si ndi pa n'kuziika pamodzi yekha pamchenga. Kamnyamata ka chigoba kaja dzulo kalemba dzina lake, chilembo chimodzi chinayang'ana kumbuyo koma ndi dzina, kenako kanafunsa kuti dzina la boti la amalume ake limalembedwa bwanji. Sindikufuna kukunamizani kuti ana aphunzira kuwerenga, masabata awiri sangakonze zimene zakhala zikusokonekera zaka, ambiri a gulu la malembo akadali pomwepo. Amene akuphunzitsa bwino kwambiri si ife, ndi a Fomu 4 aja, amafotokoza m'Chiyao kenako kubwereza m'Chichewa ndipo amadziwa mwana aliyense ndi kwawo komwe, akajomba amakamutenga.

Lachinayi usiku

Mawa tikunyamuka. Masana tinali ndi msonkhano ndi amfumu, ashehe, ahedi, amayi a mother group ndi achinyamata a konkuno. Zimene tagwirizana ndi zoti kalasi yowerenga ipitirire Loweruka lililonse m'mawa sukulu ikatsegulira mu Seputembala, ya anyamata a kugombe izikhala masiku a mwezi wowala ndi pamene kwachita mwera, iwo eni ake ndi amene aziona nyanja n'kuitana anzawo. Ashehe anena kuti azilengeza ku mzikiti, zimene sitinayembekeze tsiku lija tinafika. Makatoni a maphatikizo, choko, bolodi yaing'ono ndi mipira zikhala ku ofesi ya ahedi, miphika iwiri ikuluikulu tasiyira amayi, ndiye a komiti ya kukhitchini ku tchalitchi musatidikire nayo, tidzakambirana.

Chimene sichinathe ndi nkhani ya achinyamata ophunzitsawa. Afunsa mwaulemu ngati pangakhale kangachepe ka sopo pamwezi, ndipo ali ndi chifukwa, nawonso akanatha kukhala kugombe kupanga ndalama. Ife sitinalonjeze chifukwa ndalama yake sitinaione, tawauza kuti tikakafika tikaipereka ku komiti ya mpingo ndipo yankho adzalimva mwezi uno usanathe, likhale inde kapena ayi. Zotsatira za MSCE zikatuluka ena mwa iwo achoka, ndiye ahedi akuti ayambiretu kuyang'ana ena a Fomu 3 oti azizolowera. Chimbudzi cha atsikana pa sukulu chimene tinkafuna kuthandiza sitinachikhudze n'komwe, pamchenga pamafunika kumangira dzenje ndi njerwa ndi simenti kuyambira pansi ndipo ndalama imeneyo tinalibe, amisiri a konkuno atipatsa mndandanda wa zofunika uli ndi tresha. Tatsalanso ndi ngongole yaing'ono kuchigayo imene tilipire m'mawa tisanakwere.

Adalaivala akuti tinyamuke 5 koloko kuti fumbi tilidutse kusanatenthe, tikaima pang'ono pa Liwonde. Makolo mudzatidikire pa tchalitchi chakumadzulo, ndipo amene muli ndi galimoto yapikapu mutithandize chifukwa pafupifupi aliyense wagula usipa wouma ndipo adalaivala akana kuti usalowe m'nyumba mwawo usiku. Lipoti la ndalama tresha awerenga Lamulungu mapemphero akatha.